Uvuni wa gasi: wa wowotcherera kapena wa kusitolo?

Amayi anzanga a ku banki m'khonde kuno ku Chibavi akhala akundifunsa kuti masikono ndikuphikira chiyani masiku ano, poti matumba a makala sakuonekanso pakhomo panga. Ndaphikirapo mauvuni a gasi awiri, ndiye ndiyankhe kamodzi pano.

Woyamba unali uvuni wanga wakale wa mgolo, uja wa makala pansi ndi pamwamba. Wowotcherera wina anandiuza kuti atha kuikamo burner, chitsulo chotulukira moto wa gasi, ndingogula silinda basi. Mtengo unandikopa, sindikana. Anaboola mgolo chapansi, analowetsa chitsulo cha motocho n'kuchiwotcherera, paipi anaimanga ndi waya, tsiku lomwelo ndinayamba kuphika. Ukulu wake unali wabwino, mathireyi atatu nthawi imodzi. Zabwino zake zathera pomwepa.

Moto wake unali wachikasu kuyambira tsiku loyamba, ndipo pansi pa mathireyi pamachita mwaye. Nditamufunsa anati, "Amayi, musadandaule, chitsulo chikazolowera moto uwongoka." Chitsulo sichizolowera. Malawi a gasi akakhala achikasu ndiye kuti mpweya sukukwanira, gasi sakupsa yense, ndipo mukutuluka carbon monoxide, mpweya wakupha umene sununkha. Iye anaika burner mu mgolo wotseka, osaboola polowera mpweya kapena potulukira kutentha.

M'mawa wina wa mu July, kukuwaza kamvula kathu ka ku Mzuzu kaja, ndinatseka chitseko cha khitchini ndi zenera chifukwa cha kuzizira. Ndinayatsa, ndinaika mathireyi, ndinatseka uvuni n'kupita kukakonzekeretsa ana a sukulu. Pobwerera ndinapeza mgolo uli zii. Moto unazima kalekale koma gasi ankangotulukabe. Fungo ndinalimva, lija longa mazira owola, koma ndi changu cha maoda ndinangotsegula n'kukhwatcha machesi. Kunamveka kuti bhuu! Chitseko cha mgolo chinandimenya pabondo, nsidze ndi tsitsi la patsogolo zinawauka, masikono ali mbwee pasimenti. Mwana wanga wamng'ono anali ataima kukhomo ndi kapu ya phala m'manja. Akanalowa masitepe awiri okha, sindidziwa kuti lero ndikanalemba zotani.

Gasi wophikirayu ndi wolemera kuposa mpweya wamba. Akatuluka sauluka ngati utsi, amakhala pansi, ndipo mu mgolo amadzaza ngati madzi mu ndowa. Zimenezi wowotcherera uja sanandiuze, ndipo nditabwerera kukadandaula anati vuto ndi ine, ndinachedwa kuyatsa. Ndalama yanga sanabweze ngakhale tambala. Mpaka lero ndikadutsa pa shedi yake mtima umandiwawa.

Wachiwiri ndi mbaula ya kufakitale yokhala ndi uvuni pansi, imene ndinagula m'tauni. Ndi yaing'ono, mathireyi awiri basi, ndiye tsiku la maoda ambiri ndimadzuka 3 koloko. Koma mu uvuni wake muli kachitsulo kakang'ono pambali pa malawi. Poyatsa umadina batani n'kuligwira kanthawi kuti kachitsuloko katenthe, ndipo moto ukazima kamazizira n'kutseka gasi kokha. Ndinayesa dala, kuzimitsa moto n'kudikira, posakhalitsa kunamveka kuti tiki, gasi wadulidwa. Si mbaula zonse zili nako, funsani musanalipire. Moto wake ndi wabuluu, mathireyi amatuluka oyera.

Nayonso inandipweteka pena. Mtengo wolembedwa unali wa mbaula yokha. Regulator (kachipangizo ka pamutu pa silinda kochepetsa mphamvu ya gasi), paipi ndi timaklipu tomangira paipi ndinakazigula padera, ndalama ya ufa ndi shuga inathera pamenepo. Regulator iyenera kukhala ya low pressure, yotulutsa gasi ndi mphamvu yochepa, komanso yogwirizana ndi mutu wa silinda yanu, chifukwa ina ndi yopotokola, ina yongodina. Paipi ikhale ya gasi yeniyeni, osati ya madzi. Amene anadzandilumikizira ndinamupeza kudzera kumene ndimathiritsa gasi, kwa ogulitsa a chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi, mafuta ndi gasi. Atamaliza anasungunula sopo m'kapu, n'kupaka thovu paliponse polumikizira, kuyambira pamutu pa silinda mpaka kumbuyo kwa mbaula. Pa klipu imodzi thovu linayamba kutupa timibulu, anamangitsa, anapakanso, pali phee. Ine ndimachita zomwezo nthawi iliyonse ndikasintha silinda, ndipo silindayo imakhala choimirira, pataliko ndi moto, zenera lili pululu ngakhale mu June.

Kaburner kaja komanga pamutu pa silinda ya 6kg ndi kabwino pa tiyi ndi ndiwo magetsi akazima, koma si ka masikono, ndipo musakalowetse mu mgolo kapena kuothera moto m'chipinda chotseka.

Pa kathedwe ka gasi, mgolo unkamaliza silinda msanga chifukwa kutentha kunkathawira m'malata opanda chotchinga. Pa kakomedwe, makasitomala anga a ku Luwinga sanazindikire kuti ndasintha.

Ine ndili ku mbaula ya kufakitale ndipo sindibwerera. Mgolo uja ndinachotsamo burner, pano ndimasungiramo gaga wa nkhuku kuseri kwa nyumba.