Za kagalimoto ka mipando iwiri kamene munakaona pa chithunzi

Kuyambira tsiku limene mwana wanga wamkazi anatumiza chithunzi changa pa gulu la WhatsApp la banja lathu, ndili m'kagalimoto kanga kofiira kopanda denga, ka mtundu wa Mazda MX-5, mafunso ochokera kumudzi sanathe. Achimwene anga aakulu ku Dedza anandifunsa mosapita m'mbali kuti, "Kodi achimwene, ndalama zakuchulukirani kunjako?" Alamu anga nawo anafunsa funso limene linandilasa mtima kuposa loyambalo: "Galimoto ya mipando iwiri yokha, pakagwa zovuta mudzanyamulamo ndani?" Mafunso onsewa ndi oyenera, ndipo sindinafune kuwayankha ndi mawu awiri kapena atatu a pa foni, chifukwa nkhani ya kagalimotoka inayambira kutali, pa njinga yamoto imene ndinayamba kukwera ndili mnyamata.

Akuluakulu mukukumbukira kuti ndinali mlangizi wa zaulimi, ndipo kuyambira mu 1986 ndinkayendera alimi a m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu pa Yamaha DT 125 ya kuntchito. Njinga imeneyo ndiyo inandiphunzitsa kudziwa msewu: kusiyanitsa matope amene angakumize ndi amene ungadutsepo, kumva fungo la mvula isanafike, ndiponso kutsika phiri la ku Golomoti pang'onopang'ono, nyanja ikunyezimira patali kumunsi. Pamene ndinabwera kuno ku Sheffield, mzinda wa ku Britain, mu 2004, kutsatira mayi a kunyumba amene anali atapeza ntchito ya unamwino, ndinapeza kuti laisensi ya kwathu imagwira ntchito miyezi 12 yokha, kenaka munthu amayenera kulemba mayeso a kuno. Ndinayambanso ngati mwana wa sukulu, ndi maphunziro a tsiku limodzi amene amawatcha CBT, pa kanjinga ka 125, mpaka ndinapeza chiphaso cha njinga zazikulu n'kugula Suzuki Bandit 650 yogwiritsidwa kale ntchito.

Kwa anthu ndinkanena kuti njingayo ndi yopitira kuntchito, ku nyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira mpaka lero, ndipo zinali zoona, chifukwa imamwa mafuta ochepa ndipo siivuta poimika. Koma chifukwa chenicheni chinali chakuti pa njinga ndi pokhapo pamene ndinkaiwala kuti ndine mlendo. Lamulungu lililonse kunja kukacha bwino ndinkapita ku Matlock Bath, katauni ka m'mbali mwa mtsinje wa Derwent m'chigawo cha Derbyshire, kumene okwera njinga zamoto amasonkhana mazanamazana, njinga zitandandalikana m'mbali mwa msewu wa A6. Kumeneko palibe amene ankayamba ndi kundifunsa kumene ndinachokera. Ankayamba ndi kufunsa za matayala, za tcheni, za msewu umene ndadzera, ndipo anzanga oyamba a m'dziko lino ndinawapezera pamenepo.

Zinasintha m'mawa wina mu Okutobala 2022, ndili ndi zaka 61, ndikuweruka ku ntchito ya usiku. Sheffield ndi mzinda wa zitunda zokhazokha, ndipo ndinaima pa maloboti ena a pamtunda pamene masamba onyowa anali atamatirira pa tala. Nditatsitsa phazi la kumanzere kuti ndichirikize njinga, monga ndinali nditachitira kambirimbiri kwa zaka 36, bondo linangofooka, osapweteka n'komwe, ndipo njinga inayamba kupendekeka pang'onopang'ono mpaka inagona pansi. Sindinavulale. Chimene chinandisautsa n'chakuti nditagwira chiwongolero kuti ndiidzutse, chitsulo cholemera makilogalamu opitirira 200 chija chinakana, ndipo ndinaima pakati pa msewu, magalimoto akudikira kumbuyo, mpaka mtsikana wina amene ankapita kusukulu ndi bambo wina woyendetsa basi anabwera kudzandithandiza. Mtsikanayo anandifunsa mwaulemu ngati pali wina woti amuimbire foni kuti adzanditenge. Ndinamuthokoza n'kukana, koma funso lakelo ndinafika nalo kunyumba.

Adokotala anati ndi nyamakazi ya m'bondo ndi m'chiuno. Sanandiletse kukwera njinga, ndipo ndinapitiriza miyezi ingapo, koma ndinali nditayamba kuona zimene ndinkazibisa kale: zala zimene zinkachita dzanzi m'nyengo yozizira moti kugwira buleki kunkachedwa, khosi limene silinkatembenuka mokwanira poyang'ana m'mbuyo, ndi maso amene ankathobwa ndi nyali za magalimoto usiku. Kuno ku Britain okwera njinga zamoto ndi pafupifupi gawo limodzi lokha pa magawo 100 a zoyenda pamsewu, koma pa anthu asanu alionse ofa pa ngozi za pamsewu, pafupifupi mmodzi amakhala wa njinga yamoto. Nambala zimenezi ndinkazidziwa kalekale ndipo sizinkandiopsa. Chimene chinandiopsa ndi ntchito yanga, chifukwa ndasambitsa ndi kudyetsa anthu ambiri amene moyo wawo unasinthiratu tsiku limodzi atathyoka fupa la m'chiuno, ndipo ndikudziwa kuti fupa la munthu wamkulu silimalumikizana ngati la mnyamata. Mayi a kunyumba anali atasiya kukwera kumbuyo kwanga zaka zambiri m'mbuyomo, ndipo tsiku lina anandiuza kuti Lamulungu lililonse ndikachedwa, iwo sankakhala pansi mpaka atamva kulira kwa injini pakhomo. Zaka zonsezo sanandiuzepo.

Njingayo ndinaigulitsa mu Epulo 2023 kwa mnyamata wina wa ku Rotherham. Ndinam'patsa makiyi ndi buku la mbiri yake yonse ya kugalaja, ndipo ndinaima pageti kumvetsera kulira kwake mpaka kunazimiririka kuseri kwa nyumba. Miyezi yotsatira ndinkayendera Toyota Yaris ya mayi, galimoto yabwino ndi yokhulupirika, koma ine ndinkamva ngati ndatsekeredwa m'bokosi. Ndinkafika kumene ndikupita osadziwa ngati kunja kunali kotentha kapena kozizira, osamva fungo la udzu wodulidwa kumene kapena la khola la nkhosa, ndipo Lamulungu ndinkangokhala pampando kuyang'ana pawindo.

Amene ananditulutsa m'nyumba ndi mnzanga wa ku Matlock Bath, bambo wachizungu wa zaka zopitirira 70 amene anagwira ntchito m'mafakitale a zitsulo a mumzinda uno, ndipo iye anasiya njinga ine ndisanasiye. Anabwera ndi Mazda MX-5 yake, natsitsa denga ndi dzanja limodzi ali chikhalire pampando, n'kundiuza kuti ndiyendetse ndine. Tinadzera msewu wa A57 wopita ku Glossop, umene amautcha Snake Pass, wokwera mpaka pafupifupi mamita 500 pamwamba pa nyanja. Ambiri amaganiza kuti dzinalo linabwera chifukwa cha kukhotakhota kwake ngati njoka, koma linachokera ku nyumba ya alendo ya m'mbali mwa msewuwo, imene inatenga dzina ku njoka ya pa chizindikiro cha banja la a Cavendish, eni malo otchuka a m'derali. Tisanafike n'komwe pamwamba ndinali nditazindikira kuti chimene ndinkachisowa sichinali liwiro ayi, koma mphepo, thambo lotseguka pamutu, ndi kumva msewu m'manja ndi m'chiuno.

Apa ndifotokoze za galimotoyi, chifukwa mawu akuti galimoto ya masewera amapangitsa munthu kuganiza za Ferrari ndi za anthu olemera. MX-5 inaonetsedwa koyamba ku Chicago mu 1989, ndipo imapangidwa ku Hiroshima m'dziko la Japan. Amene anaipanga anatengera nzeru ya timagalimoto topepuka ta ku Britain ta m'ma 1960, monga Lotus Elan ndi MG, timene anthu ankatikonda koma tinali titasowa pamsika, ndipo anaonjezapo kulimba kwa injini za ku Japan. Pofika mu 2016 anali atapanga miliyoni imodzi, ndipo n'chifukwa chake zakale zake zimapezeka paliponse pa mtengo wotsika, zipangizo zake osavuta kupeza. Yanga ndi ya 2008, ya m'badwo wachitatu umene unapangidwa kuyambira 2005 mpaka 2015, ya injini ya malita 1.8 ndi magiya asanu osintha ndi dzanja. Imalemera kungopitirira pang'ono tani imodzi, injini ili kutsogolo koma mphamvu imapita ku matayala a m'mbuyo, monga pa njinga yamoto, ndipo kulemera kwake kunagawidwa pafupifupi mofanana kutsogolo ndi kumbuyo. Si yothamanga kwambiri, moti magalimoto ambiri a mabanja a masiku ano amaipitirira pa msewu wowongoka. Ubwino wake uli pokhota, pamene imatsatira dzanja lako mosazengereza. A ku Japan amatchula zimenezi ndi mawu akuti jinba ittai, kutanthauza kuti wokwera ndi kavalo wake akhale ngati thupi limodzi, ndipo munthu amene anakulira pa njinga amamva msanga chimene akunena.

Kugula kwake kunafuna kufatsa. M'nyengo yozizira kuno amathira mchere m'misewu kuti madzi asaundane, ndipo mcherewo umadya chitsulo cha galimoto iliyonse kuyambira kunsi, makamaka m'munsi mwa zitseko ndi mozungulira matayala a m'mbuyo. Galimoto yoyamba imene ndinakaiona inkanyezimira ngati yatsopano, koma mnzanga uja atagwada n'kukanikiza ndi chala kunsi kwa chitseko, chitsulo chinanyenyeka ngati chigumu chouma, dzimbiri litabisidwa ndi utoto wakuda. Kuno galimoto iliyonse yopitirira zaka zitatu imayesedwa chaka ndi chaka pa mayeso otchedwa MOT, ndipo mbiri ya mayesowo munthu amaiona kwaulere pa intaneti akangolemba nambala ya galimoto, kotero ndinaphunzira kuwerenga mbiriyo ndisanawononge mafuta kupita kukaona. Yachitatu ndi imene ndinagula, kwa mayi wina wamasiye amene amuna awo ankaisunga m'galaja nyengo yonse ya mchere. Ndinapereka mapaundi 3,600, ndipo mapaundi 2,200 mwa amenewo anachokera pa njinga ija. Achimwene, ndalama imeneyi siifika pa imene munthu amalipira kuti Vitz yakale ichoke ku Japan, idutse pa Dar es Salaam, ilipiridwe msonkho n'kufika pakhomo ku Lilongwe.

Sindikunamizani kuti zonse za pa njinga ndinazipezanso. Galimoto siipendekeka nawe pokhota, ndipo kukoma kuja kogoneka thupi limodzi ndi njinga kulowera m'khona kunapita, sikudzabweranso. Pa mzere wa magalimoto ndimadikira ngati wina aliyense, pamene kale ndinkadutsa pakati, zimene malamulo a kuno amalola wa njinga yamoto akamachita mosamala. Imamwa petulo wambiri kuposa njinga, msonkho wake wa pachaka ndi wokwera, ngakhale kuti inshuwalansi ya munthu wa msinkhu wanga si yodula. Ndi yaifupi kwambiri moti kulowa ndi kutuluka kumalifunsa bondo lomwe lija, ndipo ndinaphunzira kuyamba ndakhala pampando kenaka n'kulowetsa miyendo yonse pamodzi. Chimene chimandipwetekabe n'chakuti okwera njinga akakumana pamsewu amagwedezerana mutu, ndipo ine mutu umagwedezeka wokha ndikawaona, koma iwo sandiyankhanso.

Chimene sindinachiyembekezere ndi mpando wachiwiri uja. Ulendo woyamba mayi a kunyumba anakwera monyinyirika, atamanga duku mwamphamvu ndi kufunda chitenje m'miyendo, ine nditatsegula chotenthetsera kuti mpweya wofunda uziwomba kumapazi pamene kumutu kukuwomba mphepo ya kumapiri. Titafika pa damu la Ladybower anandiuza kuti ndichepetse liwiro kuti aone bwino madzi, ndipo anayamba kundikumbutsa za ulendo umene ndinawatenga pa DT ija kupita kwa makolo awo ku Bembeke tisanakwatirane, atanyamula nkhuku m'dengu. Pa njinga munthu wa kumbuyo amangoona msana wako ndipo simungalankhulane. Tsopano timacheza njira yonse, ndipo ndi iwo amene amayamba kufunsa Loweruka madzulo ngati mawa kudzacha bwino.

Alamu, funso lanu lija ndaliganizira kwambiri, chifukwa ndikudziwa kuti kwathu galimoto ndi ya mudzi wonse: imanyamula wodwala usiku, imanyamula chimanga cha pa maliro, ndipo ya mipando iwiri imaoneka ngati ya munthu wodzikonda. Ndikanakhala kumudzi sindikanaigula, ndipo sikanafika n'komwe pakhomo pathu, chifukwa mimba yake ikanakhula pa mwala woyamba tikangopatuka pa tala, ndipo m'buti mwake mwa malita 150 thumba la feteleza lingalowe movutikira. Kuno zovuta zimayenda mwa njira ina. Wodwala amatengedwa ndi ambulansi, ndipo pakagwa maliro pakati pa a Malawi a kuno chimene chimafunika ndi chopereka chotumizira thupi kumudzi, chimene sindinasiyepo kupereka. Pakafunika kunyamula anthu, Yaris ija ilipo. Fizi ya ana a mlongo wanga nayonso sinachedwepo chifukwa cha kagalimotoka, ndipo sidzachedwa.

Jekete langa lachikopa, magolovesi ndi nsapato za pa njinga ndazilongedza m'katoni imene ikubwera ndi katundu wa mwezi wamawa, ndipo ndi za mwana wa mlongo wanga amene akuchita kabaza ku Area 25. Chisoti changa chakale sindinachiike, chifukwa chinagunda pansi tsiku lija pa maloboti, ndipo chisoti chikagunda kamodzi sichidalirikanso ngakhale kunja chikuoneka chabwino. Ndamugulira ziwiri zatsopano, china chake ndi china cha amene amawanyamula. Achimwene, katoniyo ikafika mumuitane, mumuveke nokha chisoticho, ndipo muonetsetse kuti wamanga lamba wa pachibwano.