Ndemanga: kosi ya pa intaneti yokonzekera gawo lolemba la mayeso a Chijeremani a B1

Kosiyi ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo zinayi zonsezo ndi za munthu mmodzi, mphunzitsi amene ankachonga makalata athu. Zina zimene zinabwera m'phukusi lomwelo, monga mavidiyo, mapepala a ziganizo zoloweza ndi gulu la pa WhatsApp, sindikanadandaula akanazichotsa n'kutsitsako mtengo.

Ndimakhala ku Johannesburg ndipo ndimasamalira agogo ena pakhomo pa anthu. Cholinga changa ndi kupita ku Germany kukachita Ausbildung ya unamwino, maphunziro aja amene umaphunzira uku ukugwira ntchito ndi kulandirako kangachepe. Kuti upeze malo ndi viza ya maphunziro otere, nthawi zambiri amafuna Chijeremani chosachepera B1, mlingo wachitatu pa milingo isanu ndi umodzi yoyezera luso la chinenero (A1, A2, B1, B2, C1, C2). Mayeso anga anali Goethe-Zertifikat B1, ndipo ndinakalembera ku Goethe-Institut, bungwe la dziko la Germany lophunzitsa Chijeremani, ku nthambi yake ya ku Parkwood, mumsewu wa Jan Smuts. Kosi imene ndikunenayi si ya kumeneko ayi. Ndi ya anthu apadera amene amaphunzitsa pa Zoom, ndiye musasakanize.

Mayesowa ali ndi magawo anayi: kuwerenga mphindi 65, kumvetsera mphindi pafupifupi 40, kulemba mphindi 60, kulankhula mphindi pafupifupi 15. Gawo lililonse lili ndi malikisi 100 ndipo umayenera kupeza 60 kuti ukhoze. Ubwino wake ndi woti magawowa ndi odziimira paokha, ukagwa limodzi umabwereza lomwelo basi. Kuwerenga ndi kumvetsera munthu ungathe kudziyesa wekha, poti a Goethe-Institut amaika mapepala achitsanzo pa intaneti kwaulere, mayankho ake ali kumapeto. Koma kalata ungadzichongere bwanji wekha? Umaiwerenga kawiri katatu, ikukomera, pomwe yadzaza ndi zolakwika zomwe maso ako sangazione chifukwa ndi mutu wako womwewo unazibala. Apa ndi pomwe ndinaona kuti ndalama ikufunika kutuluka.

Tsiku loyamba madamu sanatiphunzitse galamala iliyonse. Anatiikira pa sikirini pepala limene ochonga mayeso amagwiritsa ntchito, n'kutiuza kuti tiliwerenge mpaka litilowe. Ntchito zolemba zilipo zitatu. Yoyamba ndi kalata yamchezo kwa mnzako, mawu pafupifupi 80, ndipo ili ndi mfundo zitatu zoti uyankhe: kufotokoza chinthu, kupereka chifukwa, ndi kupereka ganizo la zoti muchite. Yachiwiri ndi kulemba maganizo ako pa nkhani imene anthu akukambirana, mawu 80 omwewo. Yachitatu ndi kakalata kaulemu ka mawu 40, kopita kwa munthu ngati mphunzitsi kapena bwana, kopepesa kapena kupempha kanthu. Ziwiri zoyambazo zili ndi malikisi 40 iliyonse, yomalizayo 20. Ndipo ntchito iliyonse amaiyeza pa zinthu zinayi: ngati wayankha zomwe wafunsidwa, ngati nkhani yako ikulumikizana, mawu amene wasankha, ndi galamala. Pa chilichonse amakupatsa A mpaka E.

Chimene chinatidzidzimutsa tonse m'kalasimo n'chakuti ukapeza E pa choyambacho, kuyankha zomwe wafunsidwa, ntchito yonseyo imasanduka ziro, ngakhale galamala yako itakhala yosalala motani. Kulemba mawu osafika theka la amene apemphedwa kumakugwetsera momwemo.

Ndinamvetsa bwino kulemera kwa mfundoyi tsiku lina pamene madamu anaika pa sikirini kalata ya mnzathu wina, atafufuta dzina. Funso linali lakuti wasamukira nyumba yatsopano, ndiye ulembere mnzako: ufotokoze nyumbayo, unene chifukwa chimene wasamukira, upereke ganizo la tsiku loti adzakuyendere. Kalatayo inali yokongola zedi. Khitchini yowala, khonde loyang'ana kumitengo, mathero a afotokozi onse ali m'malo mwake, zinthu zomwe ambiri a ife zinkatitulutsa thukuta. Tonse tinati ameneyu wakwapula. Madamu anangofunsa kuti, "Nanga mnzakeyo abwere liti?" Tinafufuza, mulibe. Munthu anatengeka ndi nyumba n'kuiwala mlendo. Iwo anawonjezera timizere tiwiri tokha pansi pake: "Hast du am Samstag Zeit? Wir könnten zusammen kochen." Kutanthauza kuti, kodi uli ndi mpata Loweruka? Tikhoza kudzaphikira limodzi. Timizere tomwe wa A2 angalembe, koma ndi tomwe tinali kusiyanitsa malikisi apamwamba ndi apakatikati. Kuyambira pomwepo lamulo lawo linali loti usanayambe kulemba, uike manambala 1, 2, 3 pambali pa mfundozo, ndipo ukamaliza iliyonse uidule mzere.

Kachongedwe kawo ndi kamene ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndi kamene mukugula. Unkalemba pamanja, ndi bolopeni, wotchi ili pambali, kenako n'kujambula pepalalo ndi foni n'kutumiza. Likamabwera silinkabwera litakonzedwa. Madamu ankangodula mzere pansi pa malo olakwika ndi kuika kachizindikiro m'mphepete: china cha malo a mneni, china cha der, die, das, china cha kalembedwe ka mawu. Kukonza kunali kwako, ndipo unkayenera kutumizanso kachiwiri. Mwachitsanzo, chiganizo ngati "Ich bin umgezogen, weil die alte Wohnung war zu teuer" (ndinasamuka chifukwa nyumba yakale inali yodula kwambiri) chinkabwera ndi kamzere pansi pa mneni "war" ndi muvi woloza kumapeto, poti pambuyo pa weil, dass, wenn ndi obwohl mneni amathamangira kumathero. Ukakonza, ankakufunsanso kuti unene zomwezo pogwiritsa ntchito deshalb, pomwe mneni amabwera nthawi yomweyo: "Die alte Wohnung war zu teuer, deshalb bin ich umgezogen." Poyamba zimatopetsa, umangofuna akuuze yankho zithe. Koma chimene wakonza ndi dzanja lako sichiiwalika msanga, ndipo pofika kumapeto kwa kosi dzanjalo linkayamba kukayikira lokha likangolemba weil.

Aliyense wa ife anali ndi mndandanda wakewake wa zolakwika zimene amabwereza, madamu akuusunga ndi kuuwonjezera. Wina vuto lake linali kuiwala lembo lalikulu pa mayina a zinthu, poti Chijeremani chimafuna lembo lalikulu pa dzina lililonse, kaya ndi tebulo kaya ndi njala. Wina ankasokoneza haben ndi sein pokamba zakale. Malangizo awo anali oti mphindi zisanu zomaliza pa mayeso usawerenge kalata yako mwachisawawa, koma uzisaka zolakwika zako zitatu zodziwika, chimodzichimodzi. Malangizo amenewa okha ndi okwana theka la ndalama yomwe ndinalipira.

Pa ntchito yachiwiri, ya maganizo ija, ambiri tinkauma mutu. Osati chifukwa cha Chijeremani, koma kusowa chonena. Akakufunsa ngati ana ayenera kuthandiza ntchito zapakhomo, umayamba kuganiza kuti kodi Mjeremani angayankhe bwanji. Madamu anatimasula pamenepa. Anati wochonga sakuyeza ngati maganizo ako ndi olondola, akuyeza ngati wawanena momveka ndi kupereka chifukwa ndi chitsanzo, ndipo chitsanzo chapafupi ndi cha kwanu. Ine ndinalemba kuti kwathu ku Malawi mwana wa zaka khumi amasesa pabwalo, amatunga madzi, amatsuka mbale asanapite kusukulu, ndipo palibe amene amaona chachilendo. Mawu ake ndi osavuta, fegen, Wasser holen, Geschirr spülen, ndipo mawu 80 anakwana ndisanazindikire. Nkhani ya mafoni kusukulu, ya kugula zinthu pa intaneti, ya kukhala m'tauni kapena kumudzi, zonsezo munthu wochokera kwathu ali ndi chonena chochuluka kuposa mmene amadziyesera.

Kakalata kachitatu anthu amakaderera chifukwa n'kakafupi, koma ndi komwe nthawi imathera usanakafike. Mapepala a mayeso amalangiza mphindi 20 pa yoyamba, 25 pa yachiwiri, 15 pa yachitatu, koma ola lonselo ndi lako, ungaligawe mmene ufunira. Madamu ankati tiziyamba ndi kachitatuko, tikachotse m'mphindi khumi, malikisi 20 akhale m'thumba. Ine zinandiyendera. Mnzanga wina sanagwirizane nazo, ankati mutu wake umafuna kuyamba ndi chachikulu udakali wozizira, ndipo nayenso anakhoza, ndiye si lamulo la Mose. Chofunika m'kakalatako ndi ulemu: "Sehr geehrte Frau" kapena "Sehr geehrter Herr" pamwamba, mpatuliro, mzere wotsatira kuyamba ndi lembo laling'ono, Sie (inu) kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndi "Mit freundlichen Grüßen" potseka popanda mpatuliro. Ife amene tinakula tikudziwa kuti wamkulu satchulidwa iwe sitivutika kumvetsa zimenezi. Chovuta ndi dzanja, limene langomaliza kulemba du (iwe) kambirimbiri m'kalata ya mnzako ndipo limafuna kupitiriza.

Tsopano nyenyezi yachisanu ija inapita kuti.

Choyamba ndi mapepala a ziganizo zoloweza, omwe pa malonda awo amawaika patsogolo ngati ndiwo chuma chenicheni. Ndi masamba ambirimbiri a mawu oyambira ndi otsekera. Ochepa ndi othandiza, monga "Meiner Meinung nach" ndi "Es tut mir leid, dass". Koma ambiri ndi ziganizo zazitali zapamwamba, za anthu a B2 kapena C1, zomwe ukaziika pamwamba pa kalata yako zimaonekeratu kuti si zako, chifukwa chiganizo chotsatira chimatsika mwadzidzidzi. Choipa kwambiri n'chakuti zimadya malo. Pa mawu 80, ukawononga 30 pa malonje oloweza ndi kutsanzika koloweza, mfundo zitatu zija zitsala ndi chiyani? Chodabwitsa n'chakuti madamu eniakewo ankatiletsa kuwadalira mapepalawo. Ndiye kampani ikugulitsa chinthu chimene mphunzitsi wake akuti tichiike pambali.

Chachiwiri, ndipo ichi chinandipsetsa mtima, m'mafunso oyeserera anasakanizamo a mayeso a telc B1, omwe ndi a bungwe lina osati Goethe, osatiuza. Onse ndi a B1 inde, koma kalembedwe kake n'kosiyana. Ku telc umalemba kalata imodzi yokha m'mphindi 30, yokhala ndi mfundo zinayi. Munthu amene sakudziwa kusiyanaku angathe masabata akuzolowera kalata imodzi yaitali, n'kukapeza ntchito zitatu patebulo tsiku la mayeso. Mapanga awiri avumbwitsa. Titadandaula m'gulu anapepesa n'kulonjeza kuti asiyanitsa mafodawo, koma mpaka kosi inatha anali momwemo.

Chachitatu ndi nthawi. Analonjeza kuti kalata izibwera yochongedwa pasanathe masiku awiri. Kumayambiriro zinkaterodi. Mayeso atayandikira, aliyense akutumiza kawirikawiri, mphunzitsi ali yekha, zinayamba kutenga pafupifupi sabata, nthawi yomwe umafunitsitsa yankho lamsanga. Sindikuwada madamu, munthu mmodzi ali ndi manja awiri. Olakwa ndi amene analembetsa ophunzira ochuluka osawonjezera wochonga. Palinso kankhani ka wotchi. Aphunzitsiwo amakhala ku Germany, komwe amabweza wotchi ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala. Nyengo yawo yotentha nthawi yathu ndi yawo imafanana, kuno ku South Africa ngakhalenso ku Malawi, koma akangobweza, kalasi ya 7 koloko madzulo kwa iwo imakhala 8 koloko kwa ife. Palibe anatichenjeza. Theka la kalasi linakhala pa Zoom ola lathunthu likudikira, bandulo ikupita. Uthenga umodzi wa pa WhatsApp ukanakwanira.

Mavidiyo sindinenapo zambiri. Ndi galamala wamba yomwe ili mbwee pa YouTube kwaulere, ndipo ena mawu ake ndi otsika moti pa minibasi sungamve kanthu.

Zotsatira zitatuluka, gawo lolemba ndinapeza "befriedigend", kutanthauza malikisi a pakati pa 70 ndi 79. Si zoimbira nthungululu mudzi wonse, koma satifiketi ndi yomweyo, ndipo ndikudziwa kuti popanda bolopeni yofiira ya madamu aja ndikanakhala ndikuvinavina pamzere wa 60.

Kosiyi ikuyenera munthu amene wamaliza kale maphunziro a B1, kapena watsala pang'ono, ndipo akungofuna wina womuonetsa pomwe akutayira malikisi. Ngati mudakali pa A2, sungani ndalama zanu kaye, chifukwa kuno saphunzitsa chinenero kuyambira pansi, ndipo kalata yanu idzabwera yofiira yokhayokha mpaka mudzagwa ulesi. Musanalipire afunseni kuti makalata angati adzachongedwa pa mtengowo, ngati kutumiza kachiwiri kukuwerengedwa ngati kalata ina, ndiponso kuti wochonga mmodzi ali ndi ophunzira angati mwezi umenewo. Funsaninso kumalo komwe mukalembere mayeso ngati mudzalemba papepala kapena pa kompyuta, poti malo ena tsopano amalembetsa pa kompyuta yokhala ndi kiyibodi ya Chijeremani, pomwe z ndi y zinasinthana malo ndipo ä, ö, ü ndi ß zili ndi mabatani awoawo. Kosiyi imangokonzekeretsa za papepala, ndiye ngati anu ndi a pa kompyuta, kuzolowera kiyibodiyo ndi ntchito yoti mudzionere nokha.