Mafuta a tcheni a Motul C2 ndi abwino pa msewu wa phula, koma pa fumbi amafuna kusamala

Akabaza ambiri amathira pa tcheni cha njinga yamoto oyilo wakuda amene wachotsedwa mu injini, popeza amapezeka mwaulere kwa makaniko, koma oyilo ameneyu ndi wamadzimadzi, amakhala ndi tizitsulo toperepeseka, ndipo njinga ikangothamanga amathothokera pa tayala ndi pa zovala za wokwera. Mafuta opopera a Motul C2 Chain Lube Road, amene ndimagwiritsa ntchito pa njinga ya 150cc yokhala ndi tcheni cha nambala 428, amathetsa vuto limeneli, chifukwa amatuluka m'chitini ali opepuka, amalowa pakati pa mfundo za tcheni, kenako amalimba n'kumamatira.

Kuti agwire bwino ntchito, tcheni chiyenera kuyamba chatsukidwa ndi parafini ndi mswachi wakale, osati petulo, amene amawononga timphira ta matcheni a mtundu wa O-ring. Ndi bwino kupopera madzulo mukangofika, tcheni chidakali chofunda, mbali ya m'kati imene imakhudza mano a sipuloketi (kagudumu ka mano kamene tcheni chimayendapo), uku mukuzunguza tayala lakumbuyo ndi dzanja injini itazima. Anthu ena adadukapo zala chifukwa chochita zimenezi injini ikulira, njinga ili m'giya. Mukapopera pa makilomita pafupifupi 500 aliwonse, komanso mvula ikakunyowetsani, phokoso la tcheni limachepa ndipo dzimbiri silioneka.

Kumamatira komweko ndi kumene kumasanduka vuto pa misewu yafumbi, makamaka mu Okutobala, pakuti mchenga umakanirira pa mafutawo n'kuyamba kupala mano a sipuloketi mpaka kusongoka. Kampani yomweyi imapanga mtundu wina wotchedwa C3 wa misewu yotere, ndipo amene amayenda kwambiri kumudzi asankhe umenewo, apo ayi oyilo wa magiya wa SAE 90, amene ndi wotsika mtengo ngakhale amafuna kuthira pafupipafupi.

Mafutawa sangakonze tcheni chimene chatambasuka kale kapena chomangidwa molakwika. Pa njinga zambiri zing'onozing'ono, tcheni chiyenera kusewera mamilimita 20 mpaka 30 pakati pa masipuloketi awiri, ndipo chikatha, muchisinthe pamodzi ndi masipuloketi onse awiri. Kwa wakabaza wa m'tauni ngati Lilongwe kapena Blantyre, chitini cha C2 cha mamililita 400 n'choyenera kugula.