Ndakatulo kapena nkhani ya moyo wako: tilembe iti kuno ku Angónia?

Aliyense wamkulu ku Ulongué ndi ku Tsangano ali ndi nkhani yake ya nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya m'dziko lathu la Mozambique, mmene anthu ankathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu mpaka mtendere unabwera mu 1992. Funso ndi chotengera: tiiike m'ndakatulo kapena tiilembe monga inachitikira?

Ndakatulo imayenda msanga. Mizere khumi ndi iwiri ikwana pa foni, uitumize pa WhatsApp, mawa wina ailakatula pa ukwati. Imabisanso munthu. Ukhoza kunena za fisi amene anadya mbuzi za m'mudzi, eni ake n'kumva, dzina osatchula. Koma imaiwala zing'onozing'ono, ndipo alakatuli athu ambiri amangolira "mayo, dziko langa" popanda chogwirika.

Nkhani ya moyo ndiye imasunga zimenezo: mphika umene amayi anasenza usiku wonse, ufa wa chithandizo, tsiku lobwerera n'kupeza munda uli tchire. Mtengo wake ndi wowawa. Amalume ako ali moyo, ndipo adzawerenga. Imafunanso masamba ambiri, pomwe magazini a zolembalemba, monga Charrua imene inayamba ku Maputo mu 1984, akhala a Chipwitikizi. Ukalemba m'Chinyanja, owerenga ako ochuluka ali kutsidya kwa malire, ku Malawi.

Ine ndimakondera yachiwiriyi, ngakhale imachedwa. Agogo amene anawoloka malire ndi phazi akutha mmodzimmodzi, ndipo mayina a midzi imene anagonamo panjira ndakatulo siwasunga.