Chubu chodyetsera cha RIG pakatha miyezi 6: chimene chimavuta ndi kabaluni

Chubu cha RIG, chodyetsera cholowa m'chifu kudzera pakhungu la pamimba, amachiika akuyang'ana pa X-ray. Amapopera mpweya m'chifu kuti chifufume, amachikokera kukhungu la pamimba ndi timabatani ta ulusi, kenako n'kulowetsa chubucho wodwala ali maso, atangomubaya jakisoni wa dzanzi. Chimathandiza kwambiri odwala khansa ya pakhosi, amene kamera yoonera m'chifu singadutse kummero kwawo. Timabatanito timachoka pakatha milungu iwiri kapena itatu, ululu n'kutha.

Zimene odwala amadandaula pambuyo pake zimachokera pa kabaluni ka madzi kogwira chubu m'kati mwa chifu. Madzi ake amachepa pang'onopang'ono, chubu n'kuyamba kugwedera ndi kudontha m'mbali. Sabata iliyonse gwirani chubu ndi dzanja, kokani madzi onse a m'kabaluni ndi sirinji, muone otsala, muthiremo atsopano molingana ndi nambala yolembedwa pachubupo, kawirikawiri 5 ml. Mpweya ayi, umathawa. Madzi amchere ayinso, amauma n'kutseka njira ya kabaluni. Asidi wa m'chifu amakadya kabaluniko, n'chifukwa chake chubu chimasinthidwa miyezi 3 mpaka 6 iliyonse ngakhale chikuoneka chabwinobwino.

Chikazuka musadikire kuti kuche. Bowolo limayamba kutsekeka m'maola ochepa, ndipo m'milungu yoyambirira, njira isanakhwime, kuchibwezera nokha kungatayire chakudya kunja kwa chifu.

Kutsekeka kwa chubu nthawi zambiri ndi mlandu wa mapiritsi osaphwanyidwa bwino. Tsukani ndi madzi 30 ml musanadyetse ndi mukamaliza. Mankhwala aliwonse alowe paokha, madzi pakati, osawasakaniza ndi chakudya. Chikatseka, tengani madzi ofunda m'sirinji ya 50 kapena 60 ml, muzikankha ndi kukoka modekha. Sirinji yaing'ono imakankha mwamphamvu n'kung'amba chubu, ndipo zakumwa za gasi, zomwe ena amazitama, zimangoumitsa chakudya chotsalira.

Kanyama kofiira kotuluka magazi m'mbali mwa bowo kamaopsa maso, koma kamabwera ndi chinyezi ndi kukhuzika. Pukutani paume, ndipo kambale kakunja kogwira chubu pamimba kasiyane ndi khungu mamilimita ochepa okha. Kanyamako kakakula, anamwino amapaka kirimu ya steroid kapena silver nitrate.

Podya wodwala akhale chotsamira, mutu utakwera madigiri 30 mpaka 45, ndipo asagone kwa theka la ola atamaliza. Mano azitsukidwabe kawiri patsiku ngakhale pakamwa sipadutsa chakudya.