Kebulo yopita kushedi yaona dzinja lonse, nayi mmene yagwirira

Ndinalonjeza kuti ndidzabweranso kudzanena za kebulo yokutidwa ndi zitsulo, ya mawaya onenepa 10mm², imene tinakwirira kuchoka pabolodi ya m'nyumba kukafika kushedi yogwiriramo ntchito, mtunda wa mamita 40. Mvula yadutsa, kebuloyo ikadali bwinobwino.

Anzanga ankati ya 4mm² ikwanira. Kunyamula magetsi ofunika m'shedimo ikanatha, koma pa mtunda wautali mphamvu ya magetsi imatayika m'njira. Malamulo a ku Britain oikira mawaya a magetsi, a BS 7671, amalola kuti itsike ndi 3 peresenti pa magetsi ounikira ndi 5 peresenti pa zina. Lero ndikayatsa makina owotcherera zitsulo, mababu a m'shedi sachita chizimezime ngakhale pang'ono, ndipo ndikagwira kebulo pomwe yatulukira pansi imakhala yozizira.

Chimene ndachikonda kwambiri ndi kabolodi kakang'ono kamene amisiri anaika pafupi ndi khomo, kokhala ndi switchi yozimitsira shedi yonse kamodzi. Mkati mwake waya wa neutral (wobwerera magetsi) ndi wa earth (wachitetezo) aliyense ali pampando wake, sanalumikizidwe. Ukawaphatikiza kumeneko, magetsi obwerera amayamba kuyenda m'waya wa earth, ngakhale m'mapaipi achitsulo, munthu n'kugwidwa nyesi pongokhudza mpopi. Ku America malamulo a zamagetsi otchedwa NEC anaikhwimitsa nkhaniyi mu 2008: nyumba yoima payokha ikalandira magetsi atsopano, waya wa earth azipita yekha, osadalira neutral. Kunja kwa shedi tinakhomanso ndodo ya earth. RCD ya 30mA, switchi yodzizimitsa yokha magetsi akayamba kuthawira pansi, inadzimitsa tsiku lina madzi atalowa m'soketi ya panja, palibe amene anavulala. Batani lake loyesera ndimalidina kawirikawiri.

Dandaulo lilipo limodzi. Kachitsulo komangira kebulo pomwe ikulowera m'bokosi la panja kanayamba dzimbiri, ndipo nyerere zinapeza kampata n'kudzaza dothi m'munsi mwa bokosilo. Amisiri anabwera kudzasintha n'kuika komatira bwino kosalola madzi. Pogula, funsani ka panja, chifukwa ka m'nyumba kamaoneka chimodzimodzi.

Tepi yochenjeza imene tinayala pamwamba pa kebulo inathandiza pokumba ngalande ya madzi. Khasu linakola tepiyo, wokumbayo anaima kebulo isanakhudzidwe. Aliyense wofuna kukokera magetsi kunyumba ina, aitane mmisiri wa chiphaso kuti ayeze earth asanayatse.