Gasiketi yatsopano kapena silikoni pa chivundikiro cha mavalavu?

Oyilo akayamba kudontha pamwamba pa injini ya njinga yamoto yakale, m'magalaja a ku Biwi, ku Lilongwe, mumamva njira ziwiri: kumata ndi silikoni, kapena kuika gasiketi yatsopano, yomwe imatseka mpata wa pakati pa chivundikiro ndi injini.

Silikoni ndi yotchipa, koma imafuna chitsulo chopanda oyilo ngakhale pang'ono, komanso maola 24 kuti iume. Wakabaza sangadikire choncho. Choopsa n'chakuti mukapaka yambiri imafinyikira mkati, n'kuduka tizidutswa totseka sefa ndi tinjira ta oyilo. Oyilo akapanda kufika kumwamba, ma rocker arm (tizitsulo tokankha mavalavu) amadyeka, ndipo ndalama zomwe munapulumutsa zimathera pomwepo.

Ife timakonda gasiketi ya labala. Tsegulani injini itazizira, tsukani mzere wokhalamo gasiketi ndi petulo, osapala ndi sikuludilaiva chifukwa aluminiyamu sachedwa kukandika. Khazikani gasiketiyo bwino mumzeremo, sinthaninso timalabala ta pansi pa mabawuti. Mangani mopingasa, pang'onopang'ono. Mabawuti a M6 (onenepa mamilimita 6) amafuna pafupifupi 10 Nm basi (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira). Mukamangitsa, mazinga amaphwasuka. Poti mwatsegula kale, yezerani mpata wa mavalavu.

Silikoni ikhale kadontho m'makona mokha. Oyilo akamadonthabe, onani ngati paipi yopumira injini yatsekeka ndi fumbi, kapena chivundikiro chapindika.